Basela wa ku Joni, Mtengo wa ku Wimbe

Kuyambira pa Wimbe mpaka pa Mtunthama, funsani aliyense amene anagulitsapo mbuzi kapena fodya wa pa sikelo: palibe munthu amene anandidyapo pa mtengo. Dzina langa la ubatizo ndi Fanuwelo Phiri, koma amene amalikumbukira ndi abusa okha. Ena onse amanditcha Tsitsaniko, chifukwa ndiwo mawu amene ndinkayamba nawo ndisanapereke ndi moni womwe. Ukandigulitsa tomato ndinkachoka ndi tomato, basela, ndi jumbo yako yomwe. Ndiye chaka chimene mabelo athu a fodya anabwezedwa ku okushoni, thiransipoti n'kudya kaphindu konse, ndinauza mkazi wanga, Nachisale, kuti ndikupita ku Joni. Ndinati anthu a kumeneko ndalama ali nazo koma pakamwa alibe, ine pakamwa ndili napo, tikakumana pakati.

Nachisale anali akusenda mtedza pakhonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Pitani, bambo a Tamanda," anatero. "Poti ndinu ouma, akazi a ku Joni sangakubeni."

Sanali kunama. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawauzepo kuti ndimawakonda. Mawu amenewo ndinkawaona ngati katundu woopsa: ukangopereka kamodzi kwaulere, mawa afunanso ena. Ndipo muzikumbukira chinthu chimodzi pamene mukuwerenga. Ine ndine mkamwini. Nyumba imene ndinamanga ili pa malo a akuchikazi, munda ndi wawo, chigafa choumitsira fodya chili pa nthaka yawo. Tsiku limene Nachisale angati basi, ine ndinyamula bulangete ndi njinga n'kumapita.

Ku Joni ndinafikira kwa Gifiti, mnzanga wa ku Mtunthama amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana. Tinkagona m'kachipinda koti ukatambasula mwendo wagunda chitseko. Masana ndinkatsuka magalimoto, kumapeto kwa sabata ndinkatsuka matambula pa malo ena ovinira. Ndalama zinkabwera ndithu. Ndinatumiza za feteleza, ndinatumiza za malata, ndinagulira Nachisale foni yolandira mauthenga a mawu. Koma chimene palibe amene anandichenjeza ndi ichi: kumeneko sakambirana mtengo. Analemba kale pa kapepala, kamakina kamangolira. Tsiku lina ndinauza mtsikana wa pa kauntala kuti atsitseko mtengo wa buledi, iye anaitana mlonda. Munthu amene moyo wake wonse unali kukangana ndi anthu pa msika, sabata inkatha osakangana ndi aliyense. Kusungulumwa kwanga kunali kumeneko. Ndinkaimba foni kumudzi n'kungofunsa kuti mbuzi zili bwanji.

Nyengo yozizira itafika, bambo wina amene ankakonda kuima pakhomo pa malo ovinira aja anandionetsa jekete. Ameneyo yekha ndiye anavomera kukambirana. Ndinamutsitsa mpaka theka, mtima wanga n'kuti myaa, ngati ndili pa Wimbe tsiku la msika. Kenako mwa chizolowezi ndinatambasula dzanja n'kuti, basela? Anaseka, n'kundiikira m'manja kapiritsi kofiirira kokhala ndi kankhope komwetulira. Anati ndi ekisitasi, amene ovina aja amagula mokwera mtengo, koma ine andipatsa ulere poti ndine munthu wabwino. Ndinamuona ngati chitsiru. Ndinati munthu uyu bizinesi sakuidziwa.

Sindikunamizani kuti kanali kowawa. Kakanakhala kowawa bwenzi nkhani ino kulibe. Nditamwa, mzinda wonse umene unkandinyalanyaza unasanduka abale anga. Ndinakumbatira mlonda. Ndinathokoza matambula. Kenako ndinatenga foni n'kuyamba kujambula mawu opita ku Wimbe, ndipo zonse zimene ndinkaumira zaka zonsezo ndinazikhuthula kwaulere. Lolemba ndinadzuka nsagwada zikupweteka chifukwa chokukuta mano. Lachiwiri dziko linada. Ndinkatsuka galimoto ya munthu misozi ikutsika popanda maliro, ndipo Nachisale akaimba ndinkawakalipira kuti akundithera batire. Mankhwala a Lachiwiri loterolo ndinkawadziwa amodzi okha: Loweruka lotsatira. Kachiwiriko sanandipatse ulere. Ndipo ine, Tsitsaniko, ndinapereka mtengo wonse osatsegula pakamwa.

Kamodzi kanasanduka tiwiri, tiwiri tosakwanira. Ndalama za kumudzi zinayamba kuchepa, kenako ndinayamba kutumiza nkhani m'malo mwa ndalama. Jekete lija ndinagulitsa kwa mwini wake yemwe, pa mtengo wake. Lamlungu lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi payipi m'manja, thupi linatentha ngati mbaula, ine n'kugwa pansi. Ndinadzukira m'chipatala ndili pa diripi, adokotala akunena za impso zanga, Gifiti atakhala pambali nkhope ili ngati wabedwa.

"Ndawaimbira alamu," anatero. "Ndawauza zonse."

"Iwe, wandipha! Ndiye ati chiyani?"

"Ati anadziwa kalekale. Ati usapite kumudzi kapena kutumiza kanthu mpaka utachira. Ukachira upite, mukakambirane pamaso pa ankhoswe."

Munthu wa kwathu akamva za ankhoswe amadziwa kuti bulangete lili pafupi ndi khomo.

Gifiti anandipezera malo ku nyumba ina ya mpingo yothandiza anthu ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Woyang'anira gulu lathu anali Mayi Tembo, namwino wopuma pa ntchito wochokera ku Chipata, ndiye tinkamvana chilankhulo. Tsiku loyamba ndinafika ndi nzeru zanga zonse za pa msika. Ndinati, mayi, tisavutane, ndipatseni jakisoni wochotsa chibaba ndizipita ku ntchito. Anati jakisoni woteroyo kulibe. Ndinati chabwino, ndizimwa theka, pa mwezi kamodzi. Anati ayi. Ndinati nanga pa Khirisimasi pokha? Anavula magalasi.

"Aphiri, pano si pa msika. Amene mukukambirana naye mtengoyo si ine. Ali m'mutu mwanumo, ndipo wakhala akukudyani kuyambira tsiku la basela."

Chithandizo chake chinali cha zinthu zooneka zazing'ono zimene zinandilemera kuposa belo. Kugona nthawi yake. Kudya ngakhale pakamwa pakukana. Kufufuta manambala ena mu foni, n'kusiya ntchito ya matambula. Kukhala pa bwalo la mipando ndi anthu osawadziwa, aliyense n'kunena zoona za sabata yake. Mayi Tembo anandifotokozera kuti kapiritsi kaja kamakhuthula chisangalalo cha m'ubongo nthawi imodzi, ngati munthu wothira feteleza wa munda wonse pa phando limodzi, ndipo ubongo umatenga nthawi kuti usonkhanitsenso. Anandiphunzitsa kuzindikira chibaba chikamabwera, kuti chimakwera n'kutsika chokha ukapanda kuchithamangira. Masabata oyamba tsiku lililonse linali Lachiwiri. Chakudya chinalibe kukoma, nyimbo zinali phokoso, ndinkaiwala pamene ndaika nsapato. Adokotala anandipatsa mankhwala othandiza maganizo ndi tulo, n'kumandiona pafupipafupi.

Ndinagwapo kamodzi, nditatuluka kale. Ndinakumana ndi wa jekete uja pa siteji ya minibasi, ndipo ulendo uno anatsitsa yekha mtengo ndisanapemphe. Sabata yotsatira ndinalowa pa bwalo la mipando lija nditakonza bodza losalala, koma nditaona nkhope za anzanga bodzalo linandikanika. Ndinayembekezera kuthamangitsidwa. Mayi Tembo anangoti, "Mwabwera, ndiye tiyambirenso pamene tili." Tsiku limenelo ndi limene ndinasiya kufunafuna pakati.

Ndinabwerera kumudzi nthawi yosankha fodya, ndili ndi chikwama chimodzi ndi kalata yopita nayo ku chipatala cha pa boma. Amene amati wa ku Joni amabwera ndi wailesi yaikulu sanandione ine. Ndinagona kwa achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga, ndipo uthenga unabwera woti mlandu ukakhala m'chigafa mbandakucha. Amalume a Nachisale, a Chisale, nkhoswe ya kuchikazi, anati sangasiye fodya chifukwa cha mkamwini. Fodya wouma amagwiridwa m'mawa akadali wofewa ndi chinyontho. Dzuwa likakwera amayamba kuphwanyika m'manja, ntchito n'kuima. Ndiye nkhani ya ukwati wanga inayenera kutha fodya asanaume.

Ndinawapeza atakhala pa masaka, masamba ali milumilu. Nachisale anali ataonda pang'ono, koma manja awo ankathamanga ngati kale. Ndinamva kuti chaka chathacho mabelo awo anagulidwa osabwezedwa ndi limodzi lomwe. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa: ine kunalibe, ndiye panalibe wobisa masamba oipa pakati pa belo.

Ndinapepesa mwa dongosolo, ndikuyang'ana pansi. A Chisale anafunsa kuti, "Nanga iwe mwana, unadziwa bwanji kuti amunako akudwala, ali kutali konseko?"

Nachisale anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa foni ija ndinagula ndekha, n'kudina. Mawu anga anadzaza chigafa chonse. Ndinali kunena kuti Nachisale ndi mvula yoyamba, kuti ndimakonda mapazi ake ong'ambika, kuti ndimakonda apongozi anga, kuti mbuzi yathu yakuda ija aipsompsone m'malo mwanga. Achimwene anabisa nkhope m'masamba a fodya, mapewa akugwedezeka. A Chisale anatsokomola mpaka misozi.

"Malume, munthu uyu mukumudziwa," anatero Nachisale. "Anakambirana mtengo wa nkhuku ya pa chinkhoswe chake chomwe. Ndiye Loweruka lililonse azigawa zoterezi osafunsa chenje? Ndinati akakhala sanapenge, pali chimene akumwa. Lachiwiri akandikalipira ndinkati eya, Aphiri enieni adzuka, koma akudwala."

"Ndiye tinene kuti anyamule bulangete?" anafunsa a Chisale.

"Ayi. Ndili ndi mtengo wanga."

Atangoti mtengo, msana wanga unawongoka wokha. Apa ndiye panali pa bwalo langa.

Anati choyamba, ku chipatala cha pa boma ndizipita ku uphungu osadumphitsa. Ndinavomera msanga, poti zimenezo ndinali nditagula kale. Chachiwiri, tsiku likandilemera, chibaba chikabwera, ndizinena, osabisa pakati pa belo. Ndinavomeranso. Chachitatu, anakweza foni ija. "Mawu awa ndinawamvera mpaka kuwaloweza, ndikudziwa kuti akuyankhula ndi mapiritsi. Tsopano ndikuwafuna kuchokera kwa mwini wake. Loweruka lililonse, masana, muli maso, mutamwa madzi okha."

"Pa Khirisimasi," ndinatero.

"Loweruka lililonse."

"Pa mwezi kamodzi, ndipo za mbuzi tichotsepo. Tsitsaniko, mayi."

"Mwatero? Ndiye ndi Lachiwiri lomwe."

Mtengo kukwera ndikutsitsa! Ndinagwiritsa ntchito chida changa chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo mwala pa msika uliwonse. Ndinadzuka, ndinasasa thalauza, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Wogulitsa aliyense amakuitana usanafike patali. Ndinadutsa khola la mbuzi. Zii. Ndinafika pa mtengo wa mango, makutu ali kumbuyo. Ndinangomva masamba akuphwaphwatika ndi a Chisale akufunsa chingwe. Nditafika pa msewu ndinaona chigwa chonse cha fodya chili mbee, zigafa zili ndandanda mpaka kumene maso amalekera, ndipo pa zigafa zonsezo panalibe china chimene ndikanalowamo n'kupeza munthu wodziwa mawu anga enieni ndi achinyengo. Dzuwa linali likukwera. Ndinabwerera chothamanga.

"Ndagula," ndinatero ndikupuma wefuwefu. Kenako dzanja linatambasuka lokha. "Nanga basela?"

"Basela ndi amene anakupwetekani," anatero Nachisale. "Khalani pansi, fodya akuuma."

Tsopano papita nyengo ziwiri za fodya. Chibaba sichinafe, chimabwera mwa apo ndi apo, makamaka ndikamva nyimbo zina pa malo ogulitsira mowa pa Mtunthama, ndipo ndikafika kunyumba ndimanena. Ku chipatala ndimapitabe. Nachisale amati alibe nazo ntchito, koma tsiku la ulendowo nthawi zonse amapezeka kuti ali ndi zokagula pa boma, n'kukwera pa kaliyala ya njinga yanga. Ndipo ndikuuzeni, mawu aja kuwanena uli bwinobwino, masana, nkhuku zikukuyang'ana, ndi ntchito yoposa kusiya mapiritsi. Loweruka loyamba ndinatuluka thukuta, n'kungokwanitsa kunena kuti mapazi awo ali bwino. Anati ndalipira theka, lotsala Lachiwiri.

Anzanga a pa msika amandiseka kuti Tsitsaniko anadyedwa kawiri, ku Joni ndi kunyumba kwake komwe. Za ku Joni sinditsutsa. Koma za m'chigafa zija, taganizani bwino. Ndinalowa ndi chikwama chimodzi, ndinatuluka ndi nyumba, munda, mkazi, ndi mbuzi yakuda, ndipo malipiro ake ndi mawu amene ndinali nawo kale, ongokhala m'nkhokwe osagwira ntchito. Nachisale akuti anandigula pa mtengo wawo osatsitsa ndi pang'ono pomwe. Ine ndikuti sindinagulepo katundu wotchipa chonchi chibadwire. Inu amene mwamva mbali zonse, anadya mnzake ndani?