Chisoti cha Atate

Gulu la masewero la kwathu ku Kawama likukonzekera kuonetsa masewero atsopano mvula ikatha, koma ine sindikapondako.

Chaka chatha mtsogoleri wa gululo, kamunthu kodzimva, anabwereka kwa ine chisoti chimene malemu atate ankavala mumgodi. Anati sewero lake ndi lolemekeza anthu a m'migodi. Ndinachipukuta ndekha n'kukamupatsa. Tsiku la sewerolo ndinakhala kutsogolo pamodzi ndi amayi. Tinangoona wosewera ngati chidakwa akutulukira ndi chisoticho uku akudzandira. Anachiika pansi n'kumachita ngati akukodzeramo. Holo yonse inafa ndi chiseko. Amayi sanaseke. Anangowerama, akupotokola nsonga ya chitenje chawo.

Ndinakwera pasiteji n'kulanda chisoticho, anthu n'kuwomba m'manja poyesa kuti nanenso ndili m'sewero. Zitsiru!

Dzana mtsogoleri uja anabweranso pakhomo, akumwetulira opanda manyazi.

"Ba mudala, tibwerekeniko chisoti chija. Anthu anachikonda kwambiri."

"Iwe, atate ako alibe chipewa? Katenge chimenecho ukakodzeremo."

Ndinamutsekera chitseko kumaso. Chisoticho chili pamwamba pa kabati ya amayi, ndipo sichidzatsikanso.