Fani Si Njinga

Fani ija anandipatsa ndi mabwana anga a ku Somerset West chaka chimene ankakonzetsa nyumba yawo. Inali ya mapiko anayi, pakati pali babu lovindikiridwa ndi kagalasi konga mbale. Ndinainyamula ndekha mpaka ku Gugulethu, komwe ndinkakhala kuno ku Cape Town, mapiko atasuzumira kunja kwa chikwama, anthu m'thekisi akundiyang'ana cham'mbali. Sindinasamale. Chipinda changa chinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikhosa, cha malata pamwamba ndi siling'i yopyapyala pansi pake, ndipo mwezi wa Febuluwale ukafika munthu sumakhalamo masana.

Anaipachika ndi mlamu wawo wa mayi mwininyumbayo, amene ankati amadziwa zamagetsi. Zamagetsi ankazidziwadi, poti palibe chinapsa, koma kuyambira tsiku loyamba faniyo inkalira. Ukaiika pa wani inkangoti ng'ete ng'ete ng'ete. Pa thu inkagwedezeka yonse n'kumagogoda. Pa fili sindinalimbepo mtima, ndinkaopa kuti indidula khosi anthu akanene kumudzi kuti uje anafera mphepo ku Joni. Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera. Munthu ukamakhala wekha kutali ndi kwanu, phokoso la m'nyumba sulidandaula kwenikweni.

Kenako amuna anga anabwera. Ndinawanyengerera ndine kuti asiye benchi yawo pamsika ku Balaka, pomwe ankakonza njinga kuyambira asanandikwatire. Ndinawauza pafoni kuti kuno ntchito zili mbwee. Sindinaname kwenikweni, ndinangothira mchere wambiri. Ana tinawasiya ndi mayi anga, iwo n'kukwera basi.

M'mawa uliwonse ankapita kukaima pa maloboti, pamene mabwana amaimika galimoto n'kutenga anthu aganyu. Anzawo akafunsidwa zomwe amatha ankati kupenta, kumanga, kuika matailosi, ngakhale sanagwirepo burashi chibadwire. Anga akafunsidwa ankayankha zoona, kuti amakonza njinga, galimoto n'kunyamuka. Ndinawalangiza kuti aziphunzirako kabodza kakang'ono, koma anangondiyang'ana. Miyezi inadutsa chonchi, ganyu wa tsiku limodzi apa, sabata ziwiri zopanda kanthu apo.

Kutchalitchi kwathu kwa Amalawi anthu sachedwa kupatsa munthu dzina. Abambo anayamba kuwatcha mkamwini wa ku Kepu, ati kumudzi anakhala pachikamwini kwa apongozi, kunonso afikira m'chipinda cha akazi awo. Mayi wina anandikodola n'kunena mokweza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiwagwire bwino. Anthu anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndinali ine. Pobwerera kunyumba amuna anga anayenda patsogolo njira yonse.

Loweruka lina masana nditaweruka ndinawapeza ataima pampando, dzanja lili pa phiko la fani. Ndinali nditatopa, mapazi akuwotcha, ndipo pakamwa panga sipadikira mutu.

"Tsikani, bambo. Si njinga iyi. Mukaiwononga ndikaipeza kuti ina? Ndiitana munthu wodziwa."

Anatsika, anapukuta mpando ndi dzanja n'kuubwezera pamalo pake. Patatha sabata anandiuza, mawu ali pansi ngati akunena za mvula, kuti afunsa ndipo basi ya ku Malawi ikunyamuka kumapeto kwa mwezi, komanso kuti benchi yawo ku Balaka palibe amene waitenga.

Ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti akakwera basi imeneyo sadzabweranso, ndipo ukwati wa pafoni ndinali nditaulawa kale, sindinkaufunanso. Ndinadziwanso chimene chawakweza basiyo. Koma kupepesa kunandikanika. M'malo mwake, tikangokhala awiri m'chipinda ndinkayatsa fani pa thu, kuti phokoso likhale chifukwa chosalankhulana. Tinkadya fani ikugogoda pamwamba pathu, aliyense maso m'mbale yake.

Lamulungu lotsatira titabwera kutchalitchi kunatentha koopsa, ngakhale mphepo ija ya kuno yosatopa inali itapuma. Ndinatenga mpando n'kuuika pansi pa fani, ndipo ndinati mutu ukundipweteka ndi phokoso, mwina angaione.

"Munati si njinga," anatero.

Ndinagwada. Chipindacho n'chopanikiza, ndiye pogwadapo bondo linagunda ndowa, madzi n'kutayikira pansi. Ndinanenabe zomwe ndinafuna kunena, kuti ndinalankhula mopusa, kuti kutchalitchi kuja ndinaseka zosaseketsa, andikhululukire. Anandiuza kuti ndidzuke chitenje chisanyowe. Kenako anakoka chikwama chawo kunsi kwa bedi n'kutulutsa kansalu kakuda ndi girisi, mmene munali masipanala, masikuludiraiva awiri, zidutswa za chubu ndi kabotolo ka timasikuluwu tosiyanasiyana. Zimenezi anachoka nazo ku Balaka, ndipo chibwerereni anali asanazimasulepo.

Sanayambe ndi kumasula chilichonse. Anandiuza kuti ndiime pa switchi, ndiyatse pa wani, kenako pa thu, iwo ataima pakati pa chipinda mutu uli chopendeka. Anati wakabaza akabwera n'kunena kuti njinga ikulira sumayamba ndi sipanala, umayamba ndi khutu. Atamvetsera kanthawi ananena kuti phokosoli si limodzi, ndi atatu ongolira pamodzi. Ine ndinali nditakhala nalo nthawi yonse ija osadziwa kuti lili ndi abale ake.

Ananditumiza kukapempha mayi mwininyumba kuti tizimitse magetsi pa meni switchi, kenako anakwera pampando. Choyamba anagwedeza pamene fani inagwirira ku mtanda wa denga, napeza kuti m'polimba, nati mlamu uja apa yekha anagwira ntchito. Ng'ete ng'ete uja anali kagalasi ka babu. Timasikuluwu take titatu tinali titamasuka, galasi n'kumagunda chitsulo. Anadula kamphira ka chubu, anakakulunga m'mphepete mwa galasi n'kumanga. Kugogoda kuja kunali kwa mapiko: awiri anali olendewera, ndipo pa limodzi sikuluwu panalibiretu. Anafufuza m'kabotolo kaja n'kupeza ina ya madigadi a njinga, yomwe inalowa bwinobwino. Anaionetsa kwa ine asanaimange.

Chinatsala ndi kugwedezeka. Anatenga ndodo ya tsache n'kuigunditsa ku siling'i, analemba ndi choko pamene nsonga ya phiko loyamba inafika, kenako n'kumazunguza mapiko ndi dzanja limodzilimodzi kudutsa pa chizindikirocho. Ndinazindikira msanga. Umu ndi mmene ndinkawaonera akuwongola mkombero wa njinga, chala chili pambali kudikira pamene wapindika. Mapiko atatu anadutsa pa choko. Lachinayi linadutsa m'munsi, kusiyana kwake ngati chala chimodzi. Anati chitsulo chogwira phikoli chinapindika, ndipo anadabwa kuti chinapindika bwanji poti n'cholimba.

Ndinadziwa ine. Tsiku lija ndikuinyamula, kondakitala wa thekisi anatseka chitseko phiko lili panja, ndipo ndinalikoka mwamphamvu m'malo momuuza atsegule. Nthawi yonseyi ndinkanena mlamu wa eni nyumba. Nditaulula amuna anga anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, koyamba chibwerereni ku Cape Town. Anamasula chitsulocho, anachiika pa sitepe ya pakhomo ndi kathabwa pamwamba, n'kumachimenya pang'onopang'ono, kuyesa, kumenyanso, mpaka phiko linadutsa pa choko ngati anzake.

Titayatsa magetsi inali ikugwedezekabe pang'ono. Ine ndinati basi zakwana, iwo anakana. Anandipempha pegi ya zovala, anaipanitsa pa phiko limodzi, ine n'kuyatsa. Zinaipiraipira. Ndinazimitsa, anaisunthira pa lina, ndinayatsanso. Tinachita zimenezi kambirimbiri, thukuta lili kamukamu, iwo akuti yatsani, zimitsani, ine ndikumvera ngati si ine. Pa phiko lachitatu, pegi ili chapakati, kugwedezeka kunatha. Anachotsa pegi n'kumata kawasha kakang'ono pamwamba pa phikolo, pamalo omwewo. Kenako anandiuza kuti ndiike pa fili.

Inazungulira, makatani n'kumauluka, osamveka kanthu koma mphepo yokha. Ndinamva wailesi ya m'nyumba yaikulu ndi anthu akutsatsa nyama yowotcha kumsewu, zinthu zomwe sindinkazimva fani ikayaka. Mayi mwininyumba anasuzumira pakhomo poganiza kuti taiphera. Ataona ikuzungulira anagwira pakamwa n'kunena mwachikhosa kwa amuna anga kuti, "Hayi, bhuti," ndipo anabwerera akupukusa mutu.

Tinakhala pabedi, ndipo tsopano panalibe chobisalirako. Ndinawafunsa mosazungulira ngati basi ija aikwerabe. Anayang'ana kumwamba, pa fani ija.

"Maberingi a m'kati mwakemu atopa," anatero. "Chilimwe chino amaliza, koma chaka chamawa kukamadzayamba kutentha adzayamba kung'ung'udza. Inu simudzamva msanga, mayi, makutu anu anazolowera phokoso. Ndidzamva ndine."

Ndinamva chimene ananena. Ndinalira pomwepo, osabisa, ndipo iwo anangopitiriza kupukuta masipanala awo ngati sakuona. Ntchito siinagwe kumwamba tsiku limenelo, ndipo kutsogoloku tinavutikabe ndithu, koma mwezi unatha basi inapita yokha.

Lolemba m'mawa tinatuluka limodzi, ine kokwerera thekisi, iwo ku maloboti. Pamphambano pomwe timasiyana ndinacheuka, ndipo ndinawaona akuwoloka msewu, zida zawo atazipanira m'khwapa.