Analima Njira Ndili pa Maliro

Amuna anga anamwalira mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa, nthawi imene aliyense amakhala ali m'munda kugalauza mizere. Kwathu kuno kwa Kanduku mkazi woferedwa sagwira khasu, satsikira kudambo, mpaka akuchimuna atamumeta. Ine ndinakhala pamphasa monga anandiuzira, n'kumalandira anthu odzapepesa. Kumeta kunachedwa chifukwa amalume a malemu anali ku Zobue akudwala mwendo, ndipo popanda iwo mwambo sukanachitika. Ndinatha masabata asanu ndi limodzi osaona dimba langa.

Dimbalo lili m'mphepete mwa kamtsinje, kumunsi kwa nyumba. Ndi limene latidyetsa zaka zonsezi: tomato, mpiru, anyezi. Pakati pa nyumba yathu ndi dimbalo pali munda wa eni ake, ndipo njira inkadutsa pakati penipeni pa mundawo. Sinali yaikulu, koma njinga yonyamula madengu awiri inkadutsa osakhudza mbewu. Ndinakwatiwa n'kuipeza. Apongozi anga ankayenda momwemo, ndipo amayi a m'mudzi ankatsikira momwemo kukachapa.

Eni munda oyamba atasamuka, anaugulitsa kwa bambo wina amene amagwira ntchito kumalire, yokonzera mapepala magalimoto akuluakulu. Tinkangowatchula kuti aneba. Tsiku limene ankaonetsedwa mundawo ine ndinalipo, ndikuchokera kothirira. Amuna anga anawalozera njirayo, iwo n'kuseka, amvekere, "Achimwene, njira satseka. Ine ndine munthu wa tchalitchi." Panalibe cholembedwa. Kenako anebawo anakatenga pepala la boma la mundawo, limene amati lizi. Ife sitinalione, ndipo sitinaganize zoti tilione.

Pamaliro a amuna anga anebawo ndi amene analankhula m'malo mwa anzawo a malemu. Anachita kutulutsa mpango m'thumba kupukuta maso. Anati mayiwa sadzavutika iwo ali moyo. Anthu anang'ung'udza movomereza.

Atandimeta, m'mawa mwake ndinatenga kheni yothirira ndi khasu. Nditafika pamene njira inkayambira ndinapeza mizere. Chimanga chinali chitamera kale, masamba atatu. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikuyang'ana kumtsinje, pomwe ndinkaona nsonga za nthochi zanga. Munda wobzala wa mwini sudutsamo, choncho ndinazungulira kumsewu, kukawolokera pamlatho, n'kukwera ndi mtsinje. Ulendo umene unkanditengera nthawi yoti madzi awire pamoto unanditengera ola ndi kanthu. Nazale ya tomato ndinaipeza itauma yonse.

Madzulo ndinapita kwa aneba. Anandipatsa mpando, anaitanitsa tiyi.

"Pepani kwambiri, amayi. Ndi aganyu awa. Ine ndinali kuntchito, iwo angolima ponseponse."

"Aganyuwo ndi a m'mudzi momwe muno," ndinatero. "Njirayo anakulira momwemo."

"Eya, koma nanga poti mbewu yamera, tizule? Chimenecho ndi chakudya, Mulungu sangakondwe. Tidzaona chaka chamawa."

Tiyi uja ndinamusiya pampando.

Amfumu athu ndi mayi wachikulire, munthu wofatsa. Nditawadandaulira, anaitana anebawo kawiri, osabwera. Kachitatu kunabwera kalata yochokera kwa loya wawo wa ku Blantyre. Amfumu anaitembenuza uku ndi uku, n'kundiuza kuti, "Ine ndimaweruza anthu amene abwera n'kukhala pansi. Munthu wotumiza pepala ndimuweruza bwanji? Pitani kuboma."

Amene anandiperekeza ndi alamu anga, mchemwali wa malemu, amene amagulitsa zitumbuwa kumalire. Iwo pakamwa sipachedwa. Anandilowetsa muofesi ina yothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo tinapatsidwa loya, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anandimvetsera bwino, sindinganame. Anati lamulo limaidziwa njira imene anthu ayendamo zaka zambiri, ngakhale idutse m'munda wa munthu wina. Koma pepala la aneba silinkaonetsa njira iliyonse, choncho pankafunika umboni woti inalipodi.

Umboniwo unamera wokha. Pofika mwezi wa Januwale, chimanga cha aneba chinali chobiriwira, chofika m'chiuno, chifukwa feteleza sankawavuta. Koma pamene panali njira chinakana. Dothi lopondedwa zaka zonsezo khasu limangolipala pamwamba. Chimanga cha pamenepo chinali chachifupi, chachikasu, mzere umodzi wowongoka kuchokera kuseri kwa nyumba yanga mpaka kumtsinje. Ukaima pachulu unkauona wonse. Anthu odutsa ankaloza n'kumaseka.

Alamu anga atauona anawomba m'manja. "Alamu, mwawina. Pepala lakana kuti panali njira, koma chimanga chaulula."

Tinakamuuza loya wanga. Anasangalala, koma anati galimoto ya kuofesi ilibe mafuta oti abwere kudzaona. Anati tisadandaule, apempha khoti lenilenilo kuti lifike pamalopo. Alamu anayesa kujambula ndi foni yawo yaing'ono ija. Pachithunzi panangooneka chimanga.

Tsiku loyamba kukhoti tinanyamuka kusanache bwino, theka la ulendo pansi, theka pa kabaza. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Kenako anatiuza kuti loya wa aneba ali kukhoti lalikulu ku Blantyre, tibwerenso. Ulendo wachiwiri anati akudwala. Ulendo wachitatu anabwera, bambo wonenepa wonunkhira mafuta, n'kuima kunena kuti pepala lina la mbali yathu linalembedwa molakwika, akufuna nthawi yoti aliyankhe. Zonsezi ankalankhula m'Chingerezi, womasulira n'kumatipatsako mawu awiri atatu. Ine ndinalekeza sukulu sitandade folo, koma kuwerenga miyezi ndimatha. Chimanga chinamasula, chinabereka, chinayamba kuuma masamba a m'munsi.

Ndinamufunsa loya wanga pakhonde la khoti. "Kodi bamboyu akudwaladi, kapena akudikira kukolola?"

Anayang'ana pansi. "Amayi, lamulo limamulola kupempha tsiku lina."

"Kangati?"

Alamu ndi amene anayankha. "Mpaka mapesi atadyedwa ndi mbuzi, mwana wanga. Iwe sukulu yonseyo sanakuphunzitse kuti chimanga chimauma?"

Tsiku lodzaona malo litadziwika, aneba anakolola sabata yomweyo. Chimanga chinali chisanaume bwino, moti anachita kuchiyanika pamalata. Mapesi anadula, anaunjika, anatentha. Kenako anaika aganyu kugalauza mizere mu Juni, anthu ena asanayambe n'komwe kutonola. M'mudzi monse munalibe amene sanadziwe chifukwa chake.

Khoti linafika ndi galimoto ziwiri. Woweruza anali bambo wodekha, anavala chipewa chifukwa cha dzuwa. Anandiuza kuti, "Mayi, tisonyezeni njira mukunenayo."

Ndinayenda. Ndinayambira kuseri kwa nyumba, ndikudumpha mizere yatsopanoyo, osayang'ana n'komwe pansi, mpaka kukafika pamwala umene tinkatulirapo madengu. Nditabwerera, loya wonenepa uja ananena zinazake ndipo ena anaseka. Womasulira anandiuza kuti akuti munthu aliyense angathe kuyenda m'munda wa mnzake n'kunena kuti ndi njira.

Alamu anali atabwera ndi khasu. Analowa m'munda, amvekere, "Bwana, kumbani apa, mukumbenso apo. Khasu likuuzani lokha polimba ndi pofewa."

Loya uja anaimika dzanja. Anati mayiwa dzina lawo silili pa mndandanda wa mboni.

"Dzina la khasu ndiye lilembeni," anatero alamu. "Kapena mukuopa kuti nsapato zithimbirira?"

Woweruza anamwetulira pang'ono, koma anawauza kuti atuluke m'mundamo.

Mboni zanga zinali zitatu. Amayi awiri amene tinkachapa nawo limodzi, amene analonjeza pamaso pa amfumu, sanaoneke. Tonse tinkawamva kuseri kwa mpanda wa aneba, akutonola chimanga pa ganyu, akucheza motsitsa mawu. Sindiwada kwambiri, ana awo amafuna kudya. Koma mmodzi wa iwo ndi amene anandigoneka mutu pamiyendo pake tsiku la maliro. Wachitatu, bambo wachikulire wowotcha makala, anabwera. Atamufunsa anakanda m'mutu n'kunena kuti anthu ankawaona akudutsa, koma ngati inali njira kapena ankangodutsa, iye sangadziwe. Makala ake amakwera galimoto ya aneba popita kumsewu.

Zitatero maloya awiriwo anapempha kuti akambirane paokha. Anapita pansi pa mtengo wa mango. Ndinkawaona: wonenepayo akulankhula, wanga akugwedeza mutu, kenako onse awiri akuseka nkhani ina imene sinali ya njira. Wonenepayo anamupatsa wangayo botolo la madzi, iye n'kulandira. Aneba anali atatsamira galimoto yawo akusewera ndi makiyi. Anandipatsa moni ndi mutu.

Loya wanga atabwera anandikokera pambali. "Amayi, tagwirizana. Akupatsani njira, ndipo ilembedwa. Palibe adzaitsekenso."

"Iti?"

Analoza kumapeto kwa munda, kumene kuli chigwembe chimene madzi a kuphiri amatsikiramo.

"Mmenemo si njira," ndinatero. "Mvula ikagwa mumadzaza madzi. Njinga singadutse ngakhale chilimwe."

"Ndikumva. Koma ndikuuzeni zoona. Mboni zanu mwaziona nokha. Pepala lawo lilibe njira. Tikapitiriza, mukhoza kutuluka opanda chilichonse, ndipo bamboyu angathe kutizunguza chaka china. Iyi ndi yolembedwa."

"Tiyeni mukaione kaye. Ndi pompa."

Anayang'ana wotchi, anayang'ana magalimoto. Woweruza anali ndi mlandu wina masana omwewo. Mwa anthu onse amene anabwera ndi mapepala tsiku limenelo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsika kukasuzumira m'chigwembemo. Anayala mapu pamwamba pa galimoto, loya wonenepayo analemba mzere ndi cholembera chofiira, mzere wowongoka bwino. Pamapupo panalibe miyala, panalibe madzi.

Alamu anandinong'oneza kuti ndikane. Ndinaganiza za mlatho uja, ola ndi kanthu kupita, ola ndi kanthu kubwera, dengu lili pamutu. Ndinaganizanso za benchi la kukhoti. Ndinapereka chala, anachipaka inki, ndinadinda. Woweruza anatiyamikira kuti tathetsa nkhani mwamtendere monga anthu oyandikana. Aneba anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri, amvekere, "Mwaona, amayi? Ine sindinafune kuti muvutike." Dzanja langa la inki linawadetsa, ndipo anatulutsa mpango kudzipukuta.

Pepalalo ndili nalo, lili m'chikwama pamodzi ndi khadi la kuchipatala la malemu. Njira yolembedwayo ndimayendamo. Chilimwe ndimatsika chammbali, dzanja limodzi ku dengu, lina ku mizu ya mitengo. Njinga ya amuna anga ili m'nyumba, matayala anaphwa. Tomato amene tinkanyamula ulendo umodzi ndimamunyamula maulendo anayi, ndipo wapansi amafika ataphwanyika. Dzinja madzi amafika m'mawondo, ndiye ndimadikira aphwe kapena ndimazungulira kumlatho. Mbali ya kumtunda ya dimba ndinaisiya, mwamera bango. Amayi a m'mudzi tsopano amachapa kumjigo, ndipo tikakumana nkhaniyi sitiitchula.

Chaka chino, titangotha kukolola, kunabwera kwathu mkulu wina wa tchalitchi cha aneba. Anakhala pakhonde, anafunsa za moyo, za ana, za mwendo wa amalume. Kenako anafika pa chimene anadzera. Anati aneba akumva chisoni kundiona ndikuvutika m'chigwembe pa msinkhu wangawu. Akuti ngati dimbalo landikulira, iwo ali okonzeka kuligula, poti lagundana kale ndi munda wawo, ndipo akufuna kuikapo injini yopopa madzi.

Ndinamufunsa mkuluyo ngati anadya. Anati anadya. Ndinamuuza kuti akawauze anebawo kuti anyezi ndafesa kale, ndipo ndikawokera sabata yamawa. Atapita ndinatenga kheni, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo kutsika m'chigwembemo kumafuna kuwala.