Pepala lisapse lisanawerengedwe

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti

Lero ndadzuka mtima uli wolemera. Dzulo mlongo wanga Yamikani, yemwe ali Sitandade 7, anauza amayi kuti sukulu wasiya, ndipo Loweruka akwera lole yodzatenga anyamata pa Nsaru kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Ine tsiku lonse ndakhala ndikuganiza za agogo aamuna, bambo awo a amayi, omwe anatisiya zaka zinayi zapitazo.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la chingambwe losakanikirana ndi utsi wa pepala. Dzuwa likapendeka ankakhala pampando wa ndalema kuseri kwa chigafa, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo, iwo akutikita fodya m'manja mong'alukang'aluka, ine ndikusinja chapafupi, gaga ali mbuu m'tsitsi. Fodyayo ankapichira papepala lililonse lomwe alipeza, kaya nyuzipepala yokulungira usipa, kaya tsamba lothothoka m'buku lakale. Kusukulu sanapiteko ndipo sankabisa. Koma anali ndi lamulo lakuti pepala liyambe lawerengedwa mokweza asanaling'ambe, ndipo wowerenga anali Yamikani. Ine ankati ndisavutike poti ndinkawerenga ndekha popanda wondikakamiza.

Yamikani ankadana nayo ntchitoyi. Anzake ankadutsa ndi mpira wachikulunga akumunena kuti mlembi wa agogo, iye ali chilili ndi pepala lonunkha nsomba, akudodoma pa liwu lililonse.

“Bwereza, Phiri,” ankatero agogo. “Ukulira ngati ngolo yopanda girisi.”

Tsiku lina anatopa nazo. Anaponya pepala pansi n'kunena kuti ndi nkhani ya feteleza chabe, angosuta basi. Ine ndinasiya musi, ndikudziwa kuti ndodo ilira. Agogo sanamumenye. Anatola pepalalo, analipukuta pabondo, n'kumuuza kuti akhale pansi.

Anatiuza za mwana wawo woyamba, malume athu a Lefani, omwe ife sitinawaonepo. Ankagwira ntchito kutali ndi kwathu. Chaka china anatumiza munthu ndi phukusi la sopo ndi shuga, ndipo pakati pake panali pepala lopindapinda. Agogo anaganiza kuti n'lokulungira. Analiika m'thumba la malaya, n'kumang'ambako pang'onopang'ono. Tsiku lachinayi mphunzitsi wina anawapempha kapepala kopichira, ndipo atayang'ana kachidutswa kotsalako anawerenga mawu awa okha: “bwerani msanga bambo, ndili m'chipa”. Agogo ananyamuka tsiku lomwelo, koma anakapeza manda atakwiriridwa kale.

“Mawu a mwana wanga ndinawasuta masiku atatu,” anatero. “Ndipo ndinkamva kukoma.”

Nkhuku zinkangopalasabe. Yamikani anatenga pepala lija n'kuwerenga nkhani yonse ya feteleza mpaka kumapeto, mamina akutsika.

Kuyambira pamenepo sanakanenso. Patatha chaka ankawerenga osalozanso ndi chala, ndipo nthawi zina ankawapempha agogo kuti asasute kaye poti nkhani inkapitirira kuseri kwa pepala. Agogo ankadandaula kuti mwanayu awapha ndi chibaba, koma ankadikira.

Titawaika m'manda zonsezo zinatha. Bambo ankamudzutsa Yamikani m'mbandakucha kukathirira nazale ya fodya, ndipo madzulo panalibe womufunsa za pepala. Sabata yatha ndinamupempha kuti andiwerengere mafunso a m'kope langa ndikutsuka mbale. Chala chija chinali chitabwerera, akudodoma ngati kale. Pamzere wachitatu anatseka kope n'kunena kuti zimenezi n'za atsikana, iye m'kalasi amangosekedwa ndi tiana.

Chikundipweteka n'chakuti kusukulu kwathu kuli kachipinda ka mabuku, ndipo zaka zitatu ndakhala ndikubwereka za ine ndekha. Sindinamubweretserepo ngakhale limodzi. Lero ndabwereka lina la zithunzi, lofotokoza mmene injini imagwirira ntchito, poti iye amatha kuima ola lonse pomwe akukonza njinga zamoto.

Mawa ndidzuka naye limodzi. Ndikamuthandiza kuthirira mabedi onse kuti asakhale ndi chowiringula, kenako ndikamupempha kuti tikhale pansi andiwerengere bukuli kudimba komweko, kopanda womuseka. Akakana, Lachisanu ndidzapitanso. Masiku atsala awiri okha.