Tiyamike Anadziika pa Mulu wa Fodya Wapansi

Lolemba lapitali ndinaombera m'manja chinthu cholakwika. Ndinaomba mwamphamvu ndithu, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Ndikuuzeni mmene zinayendera, anyuzi alembe, poti mukudziwa kale kuti ine cholembera sindigwira, changa ndi pakamwa.

Mdzukulu wanga Tiyamike, amene ndinamulera mayi ake atamwalira, amaphunzitsa ku sekondale kuboma. Madigiri ali nawo awiri, onse a fizikisi. Musandifunse zambiri. Iye anati ndi maphunziro ofufuza mmene kutentha, mphepo ndi kuwala zimayendera, ine ndinati basi ndamva, zimenezo ndakhala nazo m'chigafa cha fodya zaka zonsezi. Tsopano akufuna digiri yachitatu, yomaliza, ija amati PhD, ku yunivesite ina yakunja. Chaka chatha anapempha malo, anamukana. Chaka chino anati ayesa komaliza. Akamukananso nkhaniyo aitseka, azingophunzitsa mpaka imvi.

Kupempha kwake si kungogogoda pakhomo ayi. Amafuna mapepala a mayeso onse, makalata a aphunzitsi omudziwa, ndiye kalata ina yoti alembe mwini wake, yonena kuti iye ndi ndani, wachitapo chiyani, ndipo akufuna kukafufuza chiyani. Tsiku lotseka linali Lachisanu. Anabwera kuno ku Chulu patchuthi kuti alembe pachete, uku akundithandiza kusankha fodya.

Ndiye Lolembalo anandiwerengera kalatayo, akuitembenuza m'Chichewa kuti ndimve. Inayamba ndi kuthokoza. Kenako inati iye ndi mwana wakumudzi wosadziwa zambiri. Kenako inati pa kafukufuku wina "tinayesako pang'ono". Pomaliza inati ngati n'kotheka, ngati sikuwavuta, amuganizireko.

Ine m'manja phwa phwa phwa. Ndinati ameneyu ndiye mwana woleredwa, wagwada ngakhale papepala.

Lachiwiri foni inalira. Anali aphunzitsi ake a ku yunivesite ya konkuno, amayi ena a mawu aang'ono ngati akuopa kudzutsa khanda. Tiyamike anali atawatumizira kalata ija kuti aione kaye. Foni anaikweza mawu, ndiye ndinamva zonse.

"Tiyamike, kalata iyi ikunena za ndani? Munthu ameneyu ine sindikumudziwa. Amene ndinamuphunzitsa ine anapanga yekha timakina toyezera. Ali pati m'kalatamu?"

Ndinalanda foni. Ndinawauza kuti mwanayu ndinalera ndine, kwathu kuno munthu sadziimbira yekha ng'oma, ndipo ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene anthu ambiri amalephera. Kenako ndi timawu tawo tija anangoti: "Agogo, anthu amene akawerenge kalatayi sanafikepo ku Chulu. Chimene sichinalembedwe, kwa iwo kulibe."

Ndinabweza foni, mkwiyo wanga ndinasunga.

Za timakinato n'zoona, ndinaona ndi maso angawa. Pa digiri yake yachiwiri anabwera ndi tinthu tonga timabokosi ta machesi, tokhala ndi mawaya, n'kutipachika m'chigafa mwanga: kena pamwamba, kena pakati, kena kumapeto. Ankayeza kutentha ndi chinyezi kuti adziwe chifukwa chake mvula ikakakamira fodya wapakati amaola pomwe wam'mbali akuuma bwinobwino. Chaka choyamba makoswe anadya mawaya, ntchito yonse inapita. Analira, n'kuyambiranso. Chaka chachiwiri anabwera n'kundiuza kuti nditalikitse mikangala yopachikira fodya, ndigwetse mpanda wa udzu womwe unkatseka mphepo mbali ina. Ndinamuyankha kuti fodya ndinayamba kulima mayi ake asanabadwe. Kenako ndinachita zomwe ananenazo mwakachetechete. Kuola kunachepa. Lero anthu atatu oyandikana nane anamanga zigafa zawo motengera changa, ndipo amati nzeru ndi zanga. Sindinawatsutsepo.

Zonsezo m'kalata muja ndiye zija zoti "tinayesako pang'ono".

Lachitatu m'mamawa, fodya akadali wofewa ndi chinyezi, tinakhala pamphasa kusankha. Kwa inu a m'tauni, kusankha fodya ndi kuika tsamba lililonse pa mulu wake: lalitali ndi lalitali, lofiira bwino ndi lofiira bwino, lamathothomathotho ndi long'ambika pa mulu wapansi. Tiyamike maganizo anali kutali. Ndikuona watenga tsamba lalitali, losalala, lopanda chilema, waliponya pa mulu wa zong'ambika.

Ndinamukalipira monga mwa nthawi zonse. Ndinati iwe, tsamba ngati ili ukuliika pamenepo, ukuganiza ku okushoni kuli munthu amene akamasule belo n'kunena kuti pepani amayi, mwadzichepetsa, tsambali tilikweza? Ogula amagula mulu womwe waikapo wekha. Chisoni alibe, nthawi alibe, mabelo ndi ambirimbiri.

Anatola tsambalo, analiwongola pabondo, osandiyang'ana.

"Agogo, Lolemba ndinachita zomwezi, inu munaomba m'manja."

Ndinatola tsambalo pabondo pake, n'kuliika ndekha pa mulu wa aatali.

Tiyeni tinene zoona. Kudzichepetsa kwathuku si kupusa, kuli ndi ntchito yake. Mukandifunsa kuti mwakolola bwanji chaka chino, ndiyankha kuti aa, kachepechepe, tingopulumukirapo. Inu mumva, koma maso anu ali pa nkhokwe yanga yodzaza mpaka kudenga. Pakamwa panga patsitsa, maso anu akweza, zinthu zakhala pamalo pake, nsanje yachepa, opempha achepa. Mtsikana akaphika bwino pamaliro sanena yekha, amayi anzake ndiwo amanong'onezana kuti kodi uja ngwa kwa yani. Pamudzi munthu umakhala ndi okunenera.

Nanga kutsidya kwa nyanja uko akunenera ndani? Nkhokwe yako akuiona bwanji? Iwo ali ndi pepala basi. Ukalemba kuti sudziwa zambiri, amakukhulupirira. Ndi anthu aulemu, sangakutsutse.

Ndipo onani amene timawaphunzitsa kwambiri kutsitsa mawu. Mnyamata akakonza njinga imodzi, mawa walemba pakhoma kuti injiniya, ife n'kumaseka kuti ali ndi changamu. Mtsikana akakhala nambala wani, timamukokera kuseri. Ine ndemwe ndinkatero. Tiyamike akabwera ndi lipoti lake akudumphadumpha, ndinkati khala pansi, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Alendo akamufunsa za sukulu, ndinamuphunzitsa kuyankha kuti "ndikungoyesa". Wayesa zaka zonsezi mpaka madigiri awiri, akadali kungoyesa. Ine wa pakamwa potere, womveka mpaka kudambo ndikamaitana mbuzi, ndinalera mwana wonong'ona.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti ana azinama. Mlimi aliyense kuno amamudziwa munthu uja amene amaika masamba okongola kunja kwa belo, pakati n'kubisa zoola. Ogula amapisa dzanja pakati pomwepo, belo n'kubwerera, manyazi mudzi wonse. Koma kuika tsamba labwino pa mulu wapansi nakonso n'kusankha kolakwa. Kusiyana kwake n'koti kumeneku wobedwa ndiwe wemwe.

Ndiye Lachinayi fodya tinamusiya. Ndinatulutsa mpando uja timakhazikapo abusa, ndinavala magalasi a malemu amuna anga, opanda diso limodzi, ndinakhala mwendo pamwamba pa unzake. Ndinati lero ine ndine bwana wa ku yunivesite yakunja, iwe lowa udzapemphe malo.

Ndinakulitsa mawu, ndikulankhulira m'mphuno: "Eee, mtsikana, wachitapo chiyani?"

"Tinayeza chinyezi m'chigafa."

"Munalipo angati?"

"Ndinali ndekha."

"Nanga enawo ukuwatenga kuti? Kapena ukuwerengera makoswe?"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma analemba: ndinayeza. Tinapita choncho mzere ndi mzere. Akati timakina tinapezeka, bwana amafunsa kuti tinagwa ndi mvula kodi. Iye n'kulemba: ndinapanga. Akati zotsatira zinathandizako, bwana amafunsa kuti zinathandiza ndani, zigafa zingati. Pena ankagwira pakamwa n'kunena kuti agogo, izi zikumveka ngati matama. Ndinkavula magalasi n'kumufunsa ndi mawu anga enieni kuti kodi ndi bodza. Akati ayi, ndinkavalanso magalasi.

Za makoswe ankafuna kuchotsa, ati zikuonetsa kulephera. Bwana anakana. Ndinati zimenezo zikhale poonekera, anthu adziwe kuti ntchito itagwa unaidzutsa, ndipo chaka chachiwiri mawaya unawadutsitsa m'mapaipi. Pamene aphunzitsi ake anamuthandizadi, pa masamu ena ovuta, analemba kuti anamuthandiza. Tsamba lililonse pa mulu wake. Kuthokoza sanachotse konse, anasiya mzere umodzi kumapeto, poti mwanayu ndi wa kuno ndithu.

Ndinapempha kuti dzina langa lilowemo monga mwini chigafa. Anati malo atha.

Aphunzitsi ake aja ataiwerenga kalata yatsopanoyo anaimbanso, ati: "Eya, uyu ndiye ndikumudziwa." Lachisanu Tiyamike anakwera kabaza kupita kumene netiweki imagwira bwino, anatumiza zonse dzuwa lisanapendeke. Yankho akuti litenga miyezi. Mwina amutenga, mwina ayi, opempha ndi ambiri ndipo ena fodya wawo ndi wabwinonso. Koma akamukana ulendo uno, akhala akukana Tiyamike weniweni, osati mtsikana wongoyesa uja ndinamupanga ine.

Mwina mukuti gogoyu waphunzira. Dikirani.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, a Nyachirwa, anzanga a kwaya amene anakwatiwa kuno kuchokera kumpoto, anandigwira mkono. Ati tamva kuti mdzukulu wanu akufuna za kunja. Pakamwa pangapa, pomwepa, pasanathe ndi masiku atatu, panayankha pokha: "Aa, akungoyesa."

Tiyamike anali kumbuyo kwanga. Anangotsokomola.

Ndinali nditayenda kale mpaka pa mtengo wa mango. Ndinabwerera. Ndinawapeza a Nyachirwa ali pakati pa amayi ena, ndinaima pomwepo n'kuwauza kuti ndinalankhula molakwa: mwanayu sakuyesa, amadziwa. Chigafa chija mumati ndi nzeru zanga ndi nzeru zake, ine ndinangogwetsa mpanda. Ena anayang'ana pansi, wina anati agogo lero mwadya chiyani. A Nyachirwa anangoti, akusakaniza ndi chilankhulo cha kwawo, "Tikumanya kale, mama, timadikira kuti munene ndinu."

Tsono inu amene muli ndi wanu pakhomopo, uja mumamuuza kuti akhale pansi akabwera ndi lipoti, tsamba limenelo mwaliyang'anitsitsa? Mwaliika pa mulu uti?