Che Amadu Anadikira Kuitanidwa

Fungo la mafuta a makina osokera likangondipeza, ngakhale ndili m'takisi, ndimabwerera pabwalo lathu la ku Alexandra n'kuwaona Che Amadu atawerama pakhomo la kachipinda kawo, magalasi ali pansonga ya mphuno, phazi likupalasa makina mpaka malata a mzere wathu wonse akunjenjemera. M'mawa utsi wa mbaula unkasakanikirana ndi fungo la mandasi a mayi anga, wayilesi ya wina ikuimba Chizulu, ana tikukanganirana mpopi umodzi umene tonse tinkatungapo, koma pamwamba pa phokoso lonselo pankamveka makina aja, osapuma mpaka nthawi ya swala.

Anali mkulu wa ku Machinga amene anabwera ku Joni nthawi ya migodi, osabwereranso. Ife tinali Akhristu a ku Ntcheu, iwo Msilamu, koma pabwalo paja panalibe wofunsa zimenezo. Maliro akagwa, ndiwo ankayenda khomo ndi khomo. Anthu akayambana, ndiwo ankawakhazika pansi. Ine ankangonditcha mdzukulu. Chilema chawo chinali chimodzi, ndipo ndinachizindikira mochedwa: ulemu. Anali nawo wochuluka moti ndikhulupirira kuti ntchentche ikagwera mu tiyi wawo ankayamba aipepesa asanaivuule. "Kwa eni kulibe mkuwe," ankatero akamva wina wa ife akukweza mawu pamsewu.

Mayi anga, a Nambewe, ankagulitsa mandasi ndi tiyi patebulo, pakona ya msewu wathu, pomwe pankadutsa anthu opita kumafakitale a ku Marlboro. Tebulo limenelo ndilo linkawasunga pakhomo. Bambo atangomwalira, mayi anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Sandton, yogonera konko, n'kumabwera Lamlungu lokha, ine ndikugona kwa azakhali. Nthawi imeneyo ndinadana nayo kuposa mankhwala a malungo. Atayamba za tebulo anandilonjeza kuti sadzabwererakonso, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi, ndinakhulupirira.

Tsiku lina tinapeza pepala litamatidwa pamtengo wa magetsi. Khonsolo ya mzinda inkakonza lamulo latsopano la malonda a m'misewu. Misewu ina adzailola n'kuijambula malo a ogulitsa, ina adzailetseratu, ndipo wathu unali m'gulu loletsedwa. Koma pepalalo linkati lamuloli silinathe. Aliyense wokhala m'deralo abwere kuholo Loweruka adzanene maganizo ake, kapena awalembe masiku oikika asanathe.

Amalawi ambiri anangogwedeza mitu. "Zimenezo n'za eni dziko, ife sitivota," ankatero.

Che Amadu anaimitsa makina. "Kuvota sitivota, mara madzi a pampopi apa timamwa a ndani? Zinyalala zathu amatola ndani? Ukakhala m'mudzi wa munthu, akaitana bwalo umapita."

Sabata yonseyo anayenda bwalo ndi bwalo, kuwapeza alonda akuweruka, kuwadikira azimayi obwera kochapa, mpaka anthu amene ankaopa ngakhale chithunzithunzi cha ofesi anavomera. Ichi sindiwalanda. Palibe munthu wina amene akanatulutsa Amalawi ochuluka chotero m'zipinda zawo masana dzuwa likuswa mtengo n'kupita nawo pamaso pa boma.

Loweruka m'mawa anatisonkhanitsa pampopi, atavala mkanjo woyera wosita bwino. "Tikafika kumeneko, aliyense asatsegule pakamwa," anatero. "Nkhani ya anthu ambiri imayankhulidwa ndi munthu mmodzi, ndipo wamkulu amayankhula pomaliza. Onse akatha adzafunsa kuti akuluakulu mukutipo chiyani. Pamenepo ndidzaimirira ine."

"Nanga akapanda kufunsa, Che Amadu?" anafunsa mayi.

"Nambewe, mwana wanga, ndi bwalo liti limene linathapo osafunsa akulu?"

Pakhomo la holo panali tebulo ndi kaundula. Aliyense analemba dzina lake ndi msewu wake, ndipo mayi analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano, kuti zilembo zioneke bwino. Tinakhala mizere yakumbuyo, manja pamaondo. Kutsogolo kunali khansala wa dera lathu, mayi wamfupi wa mawu akulu, ndi mlembi amene ankalemba zonse. Pakati pa holo panaimikidwa maiki.

Mlembi atawerenga lamulo lija, Che Amadu anawomba m'manja, ife tonse n'kutsatira, monga timachitira kwathu wamkulu akamaliza kuyankhula. Mkulu wina wa kukhonsolo atafotokoza mapu a misewu, tinawombanso. Sikuti tinkavomera ayi, tinkangosonyeza kuti tinaleredwa.

Khansala atangoti anthu ayankhule, MaKhumalo, mayi wogulitsa ndiwo zamasamba mumsewu wakumtunda kwathu, anathamangira maiki ngati basi ikumusiya. Msewu wawo nawonso unali woletsedwa. Anakuwa, analoza chala, anamenya pachifuwa, anzake akumuvomereza ndi mluzu, ndipo atachoka iye panabwera wina, kenako winanso, onse a msewu umodzi, kunena chinthu chimodzimodzi. Che Amadu anatsinzina n'kunong'ona kuti, "Mayi ameneyu analeredwa kuti?"

Mzere wa pamaiki utatha, khansala anayang'ana holo yonse. "Alipo wina?" Mayi anasuntha pampando, koma Che Amadu anakweza chikhatho pang'ono, kuti dikirani. Kwa iwo funso limenelo linali la aliyense, ngakhale mwana, osati loitana mkulu. Khansala anafunsa kachiwiri, ndipo kachitatu anayang'ana mizere yathu ndithu. Tinamuyang'ananso, nkhope zathu zofatsa. Iye anathokoza, mlembi anatseka buku, mipando n'kuyamba kukwekwereza.

Sindidzaiwala mmene Che Amadu anaonekera. Anali atadzuka theka, dzanja limodzi pampando wakutsogolo, pakamwa potsegula pang'ono, ndipo anakhala choncho mpaka wosesa anawapempha kuti asunthe miyendo. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu atasowa chochita, ndipo ndinachita mantha.

Panjira anabwezeretsa mtima. "Musadandaule," anatiuza. "Nkhani zenizeni sizithera pabwalo. Mkulu umamupeza payekha, ndipo supita chimanjamanja."

Mayi anakumbutsa zoti pepala lija linkalolanso kulemba kalata.

"Kalata ndi ya munthu amene ali kutali," anayankha Che Amadu. "Khansala ali pompano. Ndimulembere ngati ndikumuopa?"

Anatumiza uthenga kumudzi kuti awatumizire mpunga wonunkhira wa kwawo, chifukwa wa m'sitolo ankati ndi chipongwe kupatsa munthu wolemekezeka. Mpungawo unayenda pabasi, unachedwa pachipata cha dziko, ndipo unafika patatha milungu itatu. Che Amadu anausokera thumba latsopano n'kupita nawo kuofesi ya khansala pamodzi ndi mayi. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi mayi madzulo ake, akukanda ufa wa mandasi, maso ali m'beseni.

Khansala ataona thumba lija pansi pa desiki yake anadumpha ngati waona njoka. "Baba, chotsani ichi, mundichotsetsa ntchito. Mukufuna chiyani?"

Che Amadu anafotokoza zonse zimene anakonzekera kunena kuholo, mwadongosolo, kuyambira ndi kuthokoza. Khansala anamvetsera atagwira kukamwa.

"Hawu, baba, nanga Loweruka lija munali chete bwanji? Ndinakuonani, munadzaza kumbuyo konse. Ndinafunsa katatu. Munkawomba m'manja, ine ndinkati mwakondwa nalo."

"Simunatiitane," anatero Che Amadu.

"Ndinaitana aliyense. Maiki aja anali a ndani?"

Kenako anatulutsa lipoti limene linali litapita kale kukhonsolo, pakuti masiku olemba makalata anali atatha sabata yapitayo. Pa msewu wa MaKhumalo panalembedwa kuti anthu anakana mwamphamvu, nkhaniyo iunikidwenso. Pa msewu wathu panalembedwa kuti anthu anabwera ambiri ndipo palibe anatsutsa. Kumbuyo kwake kunali kaundula uja ngati umboni. Mayi anaona dzina lawo, m'zilembo zawo zomwe, zooneka bwino kuposa za wina aliyense.

"Ndinazizidwa thupi lonse," anandiuza. "Ndinadzichotsa ndekha pakona paja, ndi dzanja langa ili, n'kudziwombera m'manja."

Ine sindinakhulupirire. Ndinkati pali wina watinamiza, kapena watibera, chifukwa mwana amafuna munthu woipa woti amude. Koma panalibe amene ananama. Tinabweradi ambiri, ndipo palibedi anatsutsa.

Miyezi itapita, lamulo linadutsa. Mumsewu wa MaKhumalo munabwera anthu ndi penti yachikasu kudzajambula malo a ogulitsa, ndipo malowo anatha tsiku lomwelo, kwa omwe ankagulitsa kale mmenemo. Pakona yathu anazikapo chikwangwani. Apolisi a mzinda anabwera mwaulemu ndithu, kuwaonetsa mayi pepala, ndipo mayi anasenza tebulo lawo pamutu kubwera nalo pabwalo. MaKhumalo anawaona akudutsa, anawagwira mkono n'kunena kuti, "Sisi, munangokhala ngati muli m'tchalitchi. Ndinkati muli ndi pulani." Mayi anayesa kugulitsira pakhomo, koma anthu a ku Marlboro sankadutsa m'bwalo mwathu.

Lamlungu lina masana mayi anapinda zovala zawo m'chikwama chakale chimene ankapita nacho ku Sandton. Ndinachizindikira chikwamacho ndisanauzidwe kanthu. Che Amadu anaima patali, chisoti chili m'manja, ndipo mayi anawatsanzika mwaulemu wonse, n'kuwapempha kuti azindiyang'anira ndikaweruka kusukulu. Ine ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinawayang'ana Che Amadu m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kunena kuti, "Munati adzakufunsani."

Mayi anandikoka khutu. Makina sanalire masiku atatu, ndipo bwalo lonse linkayenda monyang'ama ngati pali maliro.

Pepala lina litamatidwa pamtengo uja, la msonkhano wa za madzi ndi mipopi ya m'mabwalo, tinkati Che Amadu sadzapondakonso kuholo. Anayendanso khomo ndi khomo. Anthu ena anawatsekera zitseko, ena anawaseka, ndipo amene anapita anali ochepa. Azakhali anapita nane. Nthawi ino Che Amadu anakhala mzere woyamba, ndipo khansala asanamalize n'komwe kunena kuti anthu ayankhule, mkulu uja anali atafika kale pamaiki, kumupitirira MaKhumalo yemwe. Anatchula dzina lawo ndi msewu wathu, n'kuyankhula Chifanakalo chawo cha kumigodi chosakaniza ndi Chizulu ndi Chichewa, mawu okwera moti maiki analira. Anati mpopi umodzi sungakwanire mabanja onse a pabwalo pathu, ndipo akukana.

Atamaliza sanabwerere pampando. Anapita patebulo la mlembi n'kuwerama, magalasi ali pamphuno. "Lembani," anatero. "Ndione ndi maso anga kuti mwalemba." Holo yonse inaseka, ngakhale khansala, koma iwo sanasunthe mpaka mlembi anawatembenuzira buku. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Munthu wa kwa eni kulibe mkuwe anali atakuwa kwa eni, ndipo denga silinagwe.

Pobwerera anayenda pambali panga osandiyang'ana. "Mdzukulu," anatero, "mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinalowa nayo m'unamo pamodzi ndi amako."

Mpopi wachiwiri unabwera patapita nthawi. Tebulo la mayi silinabwererenso pakona. Che Amadu analitenga n'kumadulirapo nsalu, ndipo mpaka tsiku limene anadwala osadzukanso sanaphonye msonkhano wa dera ngakhale umodzi.

Lero ndine amene ndimawerenga mapepala a pamitengo ya magetsi. Ndimagogoda pazitseko za obwera kumene kuchokera kumudzi, ndipo akandiuza kuti ife sitivota, ndimawayankha ndi mawu a Che Amadu a madzi ndi zinyalala. Koma ndimawonjezera zimene mkulu uja anaphunzira mochedwa, kuti kuholo kulibe amene adzakuitane ndi dzina, ndipo manja uziwasunga m'thumba mpaka utamva chimene ukuwombera. Ena amati ndine waukali, ndinaleredwa kuti. Ndinaleredwa ndi azakhali kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, zaka zisanu ndi ziwiri, mayi anga ndikuwaona Lamlungu lokha. Ndiye pakhomo la holo akandipatsa kaundula, sindilemba dzina langa ndisanadziwe chimene ndikanene pamaiki.