Mayi Olipa Miti, Amene Ankakana Zikomo

Mayi Olipa Miti anabadwira ku Kasenengwa, m'banja la alimi. Ali mtsikana anaphunzira kwa azakhali awo kuti masamba a mankhwala amathyoledwa pa masika, mvula ikangosiya, ndipo amayanikidwa pamthunzi kuti fungo lisathawe. Atakwatiwa ndi a Fackson anasamukira ku Chipata, nabzala mpungabwi, chanzi ndi udzu wa tiyi kuseri kwa nyumba. Amuna awo atamwalira, kadimbako ndiko kanakhala mnzawo.

Wachifuwa ankamupatsa chanzi chouma kuti akawiritse. Mpungabwi ankagawira nyumba zosautsidwa ndi udzudzu. Koma wamalungo ankamubweza pakhomo pomwepo: "Iwe, izi si za masamba. Kuchipatala, msanga!" Munthu akati zikomo, iwo ankayankha kuti, "Mankhwala sathokoza."

Mawu amenewa ndiwo anawaitanira mayesero. Ena anati n'zachikunja, poti asing'anga nawonso amatero. Mkulu wa mpingo, a Boaz Lungu, anawapempha kuti ayambe avula bulauzi yoyera ya Chigwirizano cha amayi mpaka nkhaniyo itaunikidwa. Sitiwaweruza a Lungu. Ankateteza nkhosa monga momwe ankaonera. Mayi Miti anapinda bulauziyo osadandaula, namakhala pa benchi yakumbuyo Lamulungu lililonse, kuimba monga kale.

Masika otsatira a Lungu anabwera okha kudzafunsa. Anawapeza akuyala masamba pamphasa m'khonde.

"Amayi, bwanji mumakana zikomo?"

"Abambo, kodi mvula ya chaka chino ndagwetsa ndine?" anatero akuseka. "Ine yanga n'kuthyola basi. Makolo ananena theka chabe. Sathokoza wothyola, amathokoza Womeretsa."

Kenako a Lungu, mwamanyazi, anapempha kachanzi ka chifuwa cha akazi awo. Mwezi womwewo Mayi Miti anavalanso bulauzi yawo, ndipo za nkhaniyo sanatchulepo mpaka imfa.

Anakalamba akugawabe, maso atachita chidima, masamba akuwazindikira ndi mphuno. Anatisiya mwamtendere mwezi wa Meyi, masana, atatsamira chipupa m'khonde mwawo, zokolola zawo zisanaume. Amayi a Chigwirizano anamaliza kuyanika, nagawira odwala.

Pamaliro awo, a Lungu, nawonso atakalamba, anaimirira ndi ndodo yawo.

"Amayi, ine sindikuthokozani, munatiletsa," anatero. Ndipo anatembenukira kwa ife. "Abale, tiyeni tithokoze Amene anawameretsa pakati pathu."